Mphika ndi Chivundikiro: Malasha a Kutsinde kwa Nyika ndi Gasi Wake

Lero ndikulankhula pa wailesi kuchokera ku Chelinda, pamwamba pa Nyika, kumene mu Juni ndi Julayi udzu umadzuka utayera mbuu ndi chisanu ngati wina wawazapo ufa usiku.

Nkhani yathu ndi ya malasha. Koma ndiyambe ndachotsa chisokonezo, pakuti malire a Zambia ali pafupi pomwepa ndipo mawu a wailesi safunsa chiphaso. Abale athu a ku Chipata akati malasha amanena amene ife timati makala, ootcha kuchokera ku mitengo. Amene ndikunena ine ndi ena, mwala wakuda wokumba pansi umene umayaka moto. Makala amapsa masiku owerengeka mu uvuni. Malasha anatenga zaka mamiliyoni.

Masiku ano, anthu akamva kuti kwinakwake kuli malasha, amafunsanso kuti: nanga gasi mulibe? Funso labwino, ndipo ndi limene tikulitsata lero. Yankho lake lagona pa zinthu ziwiri zimene mayi aliyense amazidziwa. Malasha ndi chophika cha pansi pa nthaka. Mphamvu yake imadalira kuti anapsa bwanji, ndipo gasi wake amadalira ngati mphikawo unali ndi chivundikiro. Kupsa, ndi chivundikiro. Mawu awiriwa muwasunge, tikumana nawo kangapo.

Tiyambire pano pomwe ndaima. Mutakumba pansi pa paini wa pa Chelinda, amene anadzalidwa m'zaka za m'ma 1950, simungapeze malasha ngakhale kachibenthu. Pansi pa udzu umene mbidzi ndi ntchefu zikudyawu pali thanthwe la mtundu wa granite, lomwe zaka zake zikuyandikira 2 biliyoni. Linauma kuchokera ku mwala wosungunuka nthawi imene padziko panalibe mtengo kapena udzu. Malasha amachokera ku zomera, choncho m'thanthwe lotere sangakhalemo.

Ndiye tavutikiranji kukwera mtunda wonsewu? Tabwerera madambo.

Tsikirani m'dambo lililonse la kufupi ndi Chelinda, kaya la panjira yopita ku kanyanja ka Kaulime. Mukaponda, pansi pamafewa ngati siponji. Tapani dothi lake ndi dzanja: ndi lakuda bii, ndipo mukaliyang'anitsitsa muona timizu ndi timapesi tosawola bwino. Chinthu chimawola msanga pakakhala mpweya ndi kutentha, n'chifukwa chake ndiwo zogona zimasasa msanga ku Chikwawa kusiyana ndi kuno. M'dambo la pa Nyika madzi atsekereza mpweya, kuzizira kwafooketsa tizilombo towoletsa, ndiye udzu wa chaka chino umangogonera pa wa chaka chatha. Zosawolazi akatswiri amazitcha peat. Zimakula pang'onopang'ono zedi, pachaka mwina kuchindikala kwa chikhadabo chokha, ndipo ofufuza amene anaboola madambo a kuno anapeza kuti zapansi zina zagona pamenepo zaka pafupifupi 12,000. Ameneyo ndiye khanda la malasha.

Musanachoke m'dambomo, tengani ndodo muzike m'matope pomwe pali madzi. Muona tithovu tikutumphuka. Gawo lalikulu la tithovuto ndi gasi wotchedwa methane, yemweyo amene alimi ena amapanga ndi ndowe za ng'ombe n'kumaphikira. Akupangidwa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso tomwe timakhala kopanda mpweya. Tithovu timeneti musatiiwale.

Tsopano tiyeni titsike chakum'mawa, kumene Nyika amathera ndi maphompho oyang'ana kunyanja: ku Khondowe kumene Robert Laws anasamutsira mishoni ya Livingstonia mu 1894, ku mathithi a Manchewe, mpaka ku Chiweta. Amene munayendapo pa M1 pokwera phiri la Chiweta munaona kuti miyala ya kumeneko ndi ina. Ndi yosanjikizana ngati mabuku, wina wamchenga, wina wadongo, ndipo pakati pake pamadutsa mzere wakuda. Miyala imeneyi amaitcha ya Karoo, potengera dera la ku South Africa kumene inayala kwambiri. Poyerekeza ndi thanthwe la pa Chelinda, imeneyi ndi ana a dzulo, ngakhale kuti zaka zake zimapitirira 250 miliyoni.

Nthawi imeneyo nyanja ya Malawi kunalibe. Africa, India, Australia, South America ndi Antarctica zinali chimtunda chimodzi chotchedwa Gondwana, ndipo mbali yathu ino inali chakum'mwera kwambiri, kozizira koposa Nyika, moti madera aakulu anakutidwa ndi madzi oundana. Madziwo atasungunuka, m'zigwa munadzaza madambo akuluakulu, ndipo m'menemo munamera mitengo ya masamba ooneka ngati lilime, yotchedwa Glossopteris. Masamba ake amapezeka atadindika m'miyala ya kuno ku Africa, ya ku India, ngakhale ya ku Antarctica, umboni umodzi wakuti maiko amenewa analidi amodzi. Mitengo inagwa, masamba anayoyoka, zonse zinamira m'madzi osawola, monga tinaonera m'dambo la ku Chelinda lija. Kenako mitsinje inabweretsa mchenga ndi matope n'kukwirira zonsezo. Kuti papangike malasha ochindikala mita imodzi, pankafunika zosawola zochindikala mamita ngati 10.

Ndipatuke pang'ono, chifukwa ichi sindingachisiye. Pamwamba pa malasha a ku Chiweta pali miyala ina imene imasunga mafupa a nyama zakale kuposa dinosaur uja mumamuona ku nyumba ya mbiri yakale ku Karonga. Katswiri wa za miyala Frank Dixey anatola mafupa kumeneko m'zaka za m'ma 1920, ndipo mu 2015 nyama ina ya kumeneko inapatsidwa dzina lakuti Lende chiweta. Ana asukulu a ku Chiweta, dzina la kwanu lili m'mabuku a sayansi a dziko lonse.

Tibwerere ku mphika wathu, tione za kupsa. Zosawola zija zikakwiriridwa, kulemera kwa miyala ya pamwamba kumazifinya madzi, ndipo kutentha kwa pansi kumaziphika. Pansi pa nthaka pamatentha: mukatsika kilomita imodzi, kutentha kumawonjezeka ndi madigiri pafupifupi 25 kapena 30. Si moto wa lawilawi ayi, ndi moto wa chitsa, wofatsa, koma wa zaka mamiliyoni.

Ganizani za nyemba. Zongoviika m'madzi ndiye peat uja. Zikangowira kamodzi, mwapeza malasha a bulauni, ofewa, otchedwa lignite, amene nthawi zina theka la kulemera kwake limakhala madzi okhaokha. Zikapitirira pang'ono, mwapeza akuda koma osanyezimira kwenikweni, otchedwa sub-bituminous. Magulu awiri amenewa ndi amene ine ndiziwatchula kuti malasha osapsetsa. Akapsa bwino amakhala bituminous, ndipo akapsereratu amakhala anthracite, olimba, onyezimira, oyaka pafupifupi popanda utsi. Mayina achizunguwa musavutike nawo. Chofunika n'chakuti pali osapsetsa ndi opsetsa.

Nanga m'kati mwa malasha mumasintha chiyani akamapsa? Chomera chilichonse chinamangidwa makamaka ndi zinthu zitatu: kaboni, haidirojeni ndi okisijeni. Kaboni ndiye mwini moto. Kuphika kuja kumathamangitsa madzi ndi okisijeni, pambuyo pake haidirojeni nayenso amayamba kuthawa, n'kutsala kaboni wochuluka. Ndiye malasha osapsetsa ali ndi madzi ambiri, okisijeni wambiri, kaboni wochepa. Mukawaotcha, gawo la moto wake limathera poumitsa madzi ake omwe, monga zimachitira nkhuni zaziwisi. Mukawanyamula pa lole kuchokera ku Rumphi kukafika ku Blantyre, mwalipiriranso ulendo wa madziwo. Akakhalitsa padzuwa amang'aluka n'kusanduka fumbi. Ndipo ali ndi khalidwe lina loopsa: akaunjikidwa mulu waukulu amamwa mpweya, n'kuyamba kufunda m'kati, mpaka kuyaka okha popanda woyatsa.

Ku labotale amayesa zimenezi mophweka kuposa mmene mungaganizire. Amatenga ufa wa malasha, n'kuupima pasikelo. Amaufunditsa pang'ono, n'kupimanso: chimene chachepa ndi madzi. Amautentha kwambiri m'kachibekete kovundikira, n'kupimanso: chimene chachoka ndi zouluka, zija zimapanga utsi ndi lawi lalitali. Kenako amauotcheratu, ndipo chotsala ndi phulusa. Phulusa limeneli si malasha ayi, ndi dongo ndi mchenga zimene mitsinje inathira m'dambo lija kalekale. Amayesanso sulufule, amene nthawi zambiri amabisala m'timiyala tonyezimira ngati golide. Timiyalati tikakumana ndi mpweya ndi madzi timatulutsa asidi, ndipo madzi otuluka pamalo otere amasiya ndere yachikasu kapena yofiirira m'mphepete mwa khwawa.

Nanga athu a kutsinde kwa Nyika ali pati? Ali pamalire. Ena ndi osapsetsa, a gulu lachiwiri lija, ena analowa kale m'gulu la bituminous koma akadali ndi zouluka zambiri. Sulufule wake kawirikawiri ndi wochepa, zomwe ndi mwayi. Vuto lake ndi phulusa: pa makilogalamu 10 aliwonse, pafupifupi 2 amatsala phulusa, ndipo m'madera ena a kumpoto kuno amafika 3. Yerekezani ndi a ku Moatize, ku Tete, amene anapsa kwambiri moti amagulidwa ndi mafakitale osungunula chitsulo kutsidya kwa nyanja. Miyala ndi ya Karoo yomweyo, zaka ndi zofananirapo, koma moto unali wosiyana.

Ndipotu ndi Moatize yemweyo amene anachititsa kuti tiyambe kukumba athu. Mafakitale a m'dziko muno ankadalira malasha a kumeneko, mpaka nkhondo ya ku Mozambique inasokoneza njira. Mu 1985 boma, kudzera m'kampani yake ya MIDCOR, linatsegula mgodi wa Kaziwiziwi kufupi ndi Livingstonia, ndipo mu 1987 unatsegulidwa wa Mchenga. Kuchokera pamenepo malasha a ku Rumphi akhala akuyatsa maboila a mafakitale a fodya, a nsalu, a zakumwa ndi ena, komanso kuotcha simenti.

Ngati mwangotsegula kumene wailesi, tili ku Chelinda, ndipo tikukamba za malasha a kutsinde kwa Nyika. Taona za kupsa. Tsopano tifike pa gasi, ndi pa chivundikiro.

Gasi wa m'malasha ndi methane yemwe uja, ndipo amabadwa m'njira ziwiri. Njira yoyamba ndi ya moto. Malasha akatentha kupitirira madzi owira, haidirojeni wothawa uja amatenga kaboni pang'ono n'kupanga methane wambiri. Malasha osapsetsa sanafike pamenepo kwenikweni, choncho gasi wa mtundu umenewu ali naye wochepa. Kwa zaka zambiri akatswiri ankati ndiye basi, m'malasha otere musataye nthawi kufunamo gasi.

Anawatsutsa ndi tithovu tija. Tizilombo tomwe timapanga gasi m'dambo la ku Chelinda tili ndi abale ake amene amakhala m'malasha momwe, pansi, malinga mukhale madzi abwino ndi kutentha kosapitirira. Ndipo chakudya chimene amachikonda ndi malasha osapsetsa, popeza ndi ofewa kugaya kusiyana ndi opsetsa. Ku America, m'chigwa cha Powder River m'dera la Wyoming, malasha osapsetsa otere atulutsa gasi wochuluka kudzera m'zitsime masauzande ambiri. Koma mvetserani chinsinsi chake: tani imodzi ya malasha a kumeneko ili ndi gasi wochepa ndithu, kungoti malashawo ndi ochindikala modabwitsa, pena mpaka mamita 30, ndipo anayala mopanda kuduka mtunda wautali.

Gasi ameneyu sakhala m'phanga ngati madzi m'chitsime. Malasha ali ndi timabowo tosaoneka tosawerengeka, ndipo gasi amamatirira m'makoma a timabowoto, monga fungo la utsi limamatirira m'bulangete. Chimene chimamugwira kuti asachoke ndi kukanikiza kwa madzi odzaza m'ming'alu ya malasha, pamodzi ndi mwala wadongo wa pamwamba wosadutsa kanthu. Chimenecho ndicho chivundikiro. Taganizani za botolo la Fanta: likadali lotseka simuona thovu, mukangotsegula, tsiii, mpweya uja watuluka. Ofuna gasi wa m'malasha amaboola chitsime n'kupopa madzi kwa miyezi, kukanikiza kuchepe, ndipo gasi amayamba kutuluka. Madzi opopedwawo nthawi zina amakhala amchere, ndipo kotayira kwake ndi mlandu pawokha. Anzathu a ku Botswana akhala akuboola zitsime zotere pa ntchito ya Lesedi, ndipo ku Zimbabwe gasi wa mtunduwu anapezeka ku Lupane. Konseko ndi m'miyala ya Karoo, abale a yathuyi.

Ndiye kuno bwanji? Ndinene maganizo anga mosabisa. Mphika wa ku Livingstonia unasweka. Chigwa chachikulu chimene muli nyanja ya Malawi chitayamba kung'ambika, miyala ya Karoo inathyoka m'zidutswa, china kukwera, china kutsika, china kupendekeka. Mitsinje yotsika ku Nyika, monga North Rumphi, inacheka zigwembe zakuya mpaka kudula malasha enieniwo. N'chifukwa chake okumba kumeneko amalowa cham'mbali mwa phiri, osachita kutsika chitsime chakuya. Kwa wokumba malasha zimenezi ndi mwayi. Kwa wofuna gasi ndi tsoka, pakuti malasha amene ayang'ana panja paphompho anataya madzi ake kalekale, ndipo botolo lija lakhala chitsegulire zaka zosawerengeka. Onjezerani kuti mizere ya malasha a kumeneko ndi yopyapyala, mita imodzi kapena awiri m'malo ambiri, osati 30 a ku Wyoming. Munthu akadzabwera kumudzi kwanu n'kunena kuti pansi pa mapiri a ku Chiweta pali gasi wokwana dziko lonse, mumufunse kuti chivundikiro chake chili kuti.

Chiyembekezo, ngati chilipo, chili kumene malasha anamira pansi pa miyala ina n'kukhalabe m'madzi. Malo oyenera kuwayang'ana ndi mbali zakuya za ku Ngana, kufupi ndi mtsinje wa Songwe ku Karonga, kumene malasha ake amalumikizana ndi a ku Kiwira kutsidya la Tanzania. Palinso chigwa cha North Rukuru. Komanso kumunsi kwa Shire, ku Lengwe ndi ku Mwabvi. Koma diso silingaweruze nkhaniyi. Pamafunika kuboola, kutulutsa chidutswa cha malasha, kuchitsekera msangamsanga m'chitini chosatuluka mpweya, n'kumayesa kwa masabata kuchuluka kwa gasi amene akutuluka. Mapu a miyala ya dziko lino ali ku nthambi ya boma yofufuza za miyala ku Zomba, ndipo amaonetsa kumene kuli malasha. Kumene kuli gasi wogulitsika amaonetsa ndi chitini chija. Mpaka lero m'Malawi mulibe chitsime chogulitsa gasi wa m'malasha. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo.

Ndisanatsanzike, pali mbali imodzi imene ikukhudza moyo, ndipo ndikupempha abambo ndi anyamata a kumigodi amvetsere bwino. Gasi wochepa woti sangagulitsidwe ndi wokwanira kupha. Methane alibe fungo, alibe mtundu, ndi wopepuka kuposa mpweya, choncho amadziunjika kudenga la mgodi. Akangofika magawo 5 pa 100 aliwonse a mpweya, kamoto kakang'ono, kaya ka ndudu, kaya ka chitsulo chogunda mwala, kamaphulitsa, ndipo fumbi la malasha limalandira motowo n'kuufalitsa mgodi wonse. Pa 6 Juni 1972, ku mgodi wa Wankie, kumene lero kumatchedwa Hwange ku Zimbabwe, kuphulika kotere kunapha anthu 427, ndipo pakati pawo panali Amalawi amene anapita kukagwira ntchito. Ambiri mwa iwo anatsalira pansi pomwepo.

M'migodi yakale yosiyidwa muli mdani winanso. Malasha amamwa mpweya wabwino n'kusiya woipa umene umagona pansi, ndipo munthu amangofooka mawondo, kugwa, osadzukanso. Womutsatira kuti akamutulutse nayenso amagwera pomwepo.

Usiku uno, mukamakhala pamoto, kambiranani izi pabanja. Kodi kudera kwanu kuli mabowo a migodi yakale osatsekedwa? Ana opita kukadyetsa mbuzi akuwadziwa kuopsa kwake? Madzi a m'khwawa limene mumatunga asintha mtundu? Mukaona zotere, kauzeni a mfumu ndi a khonsolo. Ndipo inu a kumalo ozizira ngati kuno, kaya mwayatsa malasha kaya makala, mbaula isagone nanu m'chipinda chotseka.

Kuchokera kuno ku Chelinda, chifunga chayamba kutsika m'madambo, ndipo ine zala zauma.